FANNY CROSBY, WAKHUNGU WOPEKA NYIMBO

Nyimbo zambiri zimene ziimbidwa m'mipingo ya ku Katete, ya ku Sinda ndi ya ku Vubwi zinacokera kutsidya kwa nyanja yaikuru, koma zakhalitsa kuno kotero kuti anthu aziyesa zao zeni-zeni. Mai aziimba alikupalira m'munda, anyamata a kwaya aziphunzira madzulo pansi pa mtengo, ndipo pa maliro ndizo zicezetsa anthu kufikira tambala woyamba. Koma ukafunsa amene anazipeka, ngakhale akuru a mpingo apukusa mutu. Mmodzi wa iwo amene anapeka zocuruka koposa ndiye mkazi wa ku America, dzina lace Fanny Crosby. Anakhala ndi moyo zaka 94, napeka nyimbo zoposa 8,000, osaona ngakhale tsamba limodzi la mabuku amene zinasindikizidwamo, pakuti anali wakhungu kuyambira ali khanda.

Anabadwa pa 24 March, 1820, pa mudzi wochedwa Southeast, m'dera la Putnam, kumpoto kwa mzinda wa New York. Dzina lace lonse ndilo Frances Jane Crosby. Makolo ace, John ndi Mercy, anali anthu osauka a kumudzi. Atatha masabata 6 cibadwire mwanayo anadwala maso, ndipo munthu amene anamuitana kudzamciza anamanga pamaso pace mankhwala otentha a mpiru. Kutupa kunatha, koma maso anacita ng'ala, osaonanso kanthu koma kusiyanitsa kuwala ndi mdima. Madotolo ena a masiku ano aganiza kuti kapena mwanayo anabadwa nalo khungu, makolo osazindikira. A pabanja pace anakhulupirira kuti mankhwala aja ndiwo anaononga maso. Fanny mwini wace sanamsungire munthuyo cakukhosi. M'November caka comweco atate wace anamwalira, ndipo Mercy, wamasiye wa zaka 21, analowa nchito m'nyumba za eni ace, nasiya mwana m'manja mwa agogo ace.

Agogo amenewa, dzina lao Eunice, ayenera kukumbukika pamodzi ndi mdzukulu wao. Kawiri-kawiri mwana wakhungu amkhazika pakhonde, namletsa kutunga madzi, kutola nkhuni ndi kusewera ndi anzace, namcitira zonse; ndipo cifundo cotere cimpundula koposa nthenda yace. Eunice sanatero. Anali kunka naye kuthengo, namgwiritsa masamba ndi maluwa kuti adziwe mtengo uli wonse ndi zala ndi pfungo lace. Anamphunzitsa kuzindikira mbalame ndi kulira kwace, namfotokozera maonekedwe a mitambo, a utawaleza ndi a dzuwa polowa, kufikira mwanayo anali nazo zithunzi zace-zace mumtima. Fanny anakwera mitengo ndi akavalo monga ana ena onse. Madzulo agogo anali kumwerengera Buku Lopatulika pang'ono-pang'ono, namasulira mau obvuta. Ali ndi zaka 5, anansi anasonkha ndalama kuti amace anke naye ku New York kwa dotolo womveka, Valentine Mott. Ndipo iye, atamuyesa, ananena poyera kuti maso amenewo sadzaonanso. Patapita zaka 3 mwanayo anapeka ndakatulo yace yoyamba, ndipo sinali ya maliro ai, koma ya munthu amene watsimikiza mtima kukhala wokondwa.

Pambuyo pace iye ndi amace anasamukira ku Ridgefield, m'cigawo ca Connecticut, nakhala m'nyumba ya mai wina wopembedza, Mai Hawley. Ameneyu ndiye anamdzazira nkhokwe imene anadyamo moyo wace wonse. Anamuyambitsa kuloweza Mau a Mulungu pamtima, nthawi zina mitu 5 pa sabata limodzi: mai alikuwerenga, mwana alikubwereza, ndime ndi ndime, kufikira yakhazikika. Pofika zaka 15 anali ataloweza mabuku 5 a Mose, Mauthenga onse 4, Miyambo, Nyimbo ya Solomo ndi Masalmo ambiri. Amene anatuluka thukuta m'kalasi poloweza mayankho a Katekisma adziwa kulemera kwa mtolo umenewu. Mwana wopenya akaiwala ndime abwerera ku buku, ndipo cifukwa ca ici sasamala kwenikweni. Fanny analibe kobwerera. Cimene sanacisunge m'mutu cinali cotayika, ndipo mutu wace unazolowera kusataya kanthu.

M'March 1835 analowa New York Institution for the Blind, sukulu ya akhungu imene inali ikali yatsopano. Anakhalapo zaka 23, poyamba wophunzira, ndipo kuyambira 1847 mphunzitsi wa Cingerezi ndi mbiri yakale. Anaphunzira kuimba piyano, limba, gitala ndi zeze. Masamu anadana nao kwambiri. Zilembo zotukuka zimene akhungu awerenga ndi zala sanazizolowere bwino, akuti cifukwa nsonga za zala zace zinalimba ndi nsambo za gitala. Ndipo kulemba ndi dzanja sanapitirire pa dzina lace lokha. Cotero zonse zimene anapeka, kuyambira pamenepo kufikira imfa yace, anazipekera m'mutu, wina nazilemba. Ndakatulo zace zitayamba kumveka, alendo anali kumtama, ndipo mtsikanayo anayamba kudzimva. Koma mkuru wa sukulu anamuitana namdzudzula kolimba kuti asatupe ndi matamando a anthu. Analira tsiku lija, koma atakalamba anali kumyamikabe. M'January 1844 ananka ku Washington pamodzi ndi anzace a sukulu kukaonetsa akuru opanga malamulo kuti wakhungu akhoza kuphunzira, nanena ndakatulo yace pamaso pao. Ndipo caka comweco buku lace loyamba linasindikizidwa. Mmodzi wa amene anali kumlembera pa sukulupo, m'zaka za 1853 ndi 1854, anali kalaliki wacinyamata dzina lace Grover Cleveland, amene pambuyo pace anasankhidwa kawiri kukhala Prezidenti wa dzikolo. Ndipo ubwenzi wao sunathe.

M'caka ca 1849 nthenda ya kolera inagwa mu New York, nipha anthu oposa 5,000. Ambiri anathawira kumidzi, koma Fanny anatsala pa sukulu kudwazika odwala, ndipo ophunzira 10 anamwalira. Iye anapulumuka, koma mtima wace sunakhale m'malo. Anali wodziwa Buku Lopatulika koposa alaliki ambiri, wa makhalidwe abwino, wochuka; ndipo imfa itamyandikira cotere anapeza kuti zonsezi sizinampatse mtendere. Anakumbukanso kuti agogo ace Eunice, ali pafupi kutsirizika, anamfunsa ngati adzakomana nao kwa Atate. M'November 1850 anali kupita ku misonkhano ya citsitsimutso m'nyumba ya mapemphero ya Methodist ya pa Thirtieth Street. Kawiri ananka kutsogolo kukapemphereredwa, nabwerako monga anapitira. Kacitatu, pa 20 November, mpingo ulikuimba nyimbo yakale ya Isaac Watts yonena za imfa ya Ambuye pamtanda, anazindikira kuti mtima wace unali wogawanika, nadzipereka yense kwa Kristu.

Munthu akadayesa kuti nyimbo za Mulungu zinayamba kutumphuka pomwepo, koma zinapita zaka 13. M'zaka zimenezo anali kupeka mau a nyimbo wamba zimene George Root anaziika maimbidwe. Zina zinamveka dziko lonse, osindikiza napindula nazo, iye nalandira dola limodzi kapena awiri. Pa 5 March, 1858, anakwatiwa ndi Alexander van Alstyne, wakhungu mnzace, katswiri woimba limba, nacoka pa sukulu. M'1859 anaona mwana, ndipo mwanayo anamwalira ali wakhanda. Fanny, amene anali wokonda kuceza ndi kusimba za moyo wace, za mwana ameneyu anangozichula kamodzi-kamodzi, mau owerengeka, kwa abwenzi a pamtima. Ndipo sanaonenso wina.

Pa 2 February, 1864, ali ndi zaka 43, anakomana ndi William Bradbury, wopeka maimbidwe ndi wosindikiza mabuku a nyimbo za Sande Sukulu. Bradbury anali kufuna munthu wokhoza kulumikiza mau osabvuta ndi maimbidwe opepuka, ndipo patangopita masiku owerengeka Fanny anabwera nayo nyimbo yoyamba. Anadziwa pomwepo kuti wapeza nchito imene anabadwira. Bradbury atamwalira m'1868, malonda ace anapitirira ndi dzina la Biglow and Main, ndipo Fanny anapangana nao kupereka nyimbo 3 pa sabata. Anawapekera pafupi-fupi 6,000, ndipo mwa izo anasindikiza ngati 2,000.

Kapekedwe kace kanali kotere. Masana kunali alendo ndi phokoso. Cotero anali kudikira usiku, anthu atagona. Anayamba ndi pemphero, nakhala cete atagwira kabuku kakang'ono m'dzanja, kabuku kamene sanathe kukawerenga, koma kamene kanamthandiza kusonkhanitsa maganizo. Anali kuumba ndime yoyamba, naitembenuza, naikonza, naisunga. Ndipo yaciwiri momwemo. Mau akasowa sanafune munthu womtsegulira Buku Lopatulika, pakuti Mai Hawley anali atalitsegula kale m'kati mwace. Masiku ena zinaturuka nyimbo 6 kapena 7, ndipo anatha kusunga zingapo zathunthu m'mutu kufikira atadza womlembera. Malipiro ace anali madola 2 pa nyimbo imodzi. Ikagulidwa yagulidwa, ngakhale iimbidwe ndi anthu zikwi-zikwi. Osindikiza anacita manyazi kuti buku lao lioneke la munthu mmodzi, ndipo anabisa dzina lace ndi maina ena pafupi-fupi 200. Cotero ambiri amene anaimba nyimbo za Grace J. Frances kapena za Lizzie Edwards sanadziwe kuti anthu amenewo kulibe.

Amene anagwira naye nchito nthawi yaitali ndiye William Doane, mwini fakitale ya makina opalira matabwa ku Cincinnati, amene anali kupeka maimbidwe pa nthawi yace yopuma. Tsiku lina m'1868 Doane analowa m'nyumba mwace mofulumira, atatsala ndi mphindi 40 kuti akwere sitima, namuimbira maimbidwe atsopano amene analibe mau. Fanny anamvetsera, nakhala yekha kanthawi, ndipo Doane anakwera sitima yace mau ali m'thumba. Nyimboyo ndiyo Safe in the Arms of Jesus, imene yaimbidwa pa maliro a ana osawerengeka. Ndipo ena aganiza kuti poipeka anali kukumbuka khanda lace. Momwemonso m'1873 bwenzi lace Phoebe Knapp, mkazi wa munthu wolemera, anamuimbira maimbidwe pa piyano namfunsa cimene alikunena. Ndipo yankho lace linakhala Blessed Assurance. Kawiri-kawiri maimbidwe ndiwo anatsogola, mau natsata. Mphatso yace inali m'makutu: anali kumva cimene maimbidwe alikupempha.

Si onse anakondwera nazo. John Julian, mbusa wa ku England amene anasindikiza buku lalikuru la mbiri ya nyimbo za Eklesia m'1892, anaziweruza kuti zambiri nzofoka, ndi kuti zinachuka cifukwa ca maimbidwe ace. Sananame konse. Munthu wopeka nyimbo 3 pa sabata zaka makumi-makumi sangathe kupsetsa zonse. Zambiri zibwereza mau amodzimodzi, zina zicurutsa za mtima wa woimba ndi kucepetsa ciphunzitso, ndipo zikwi za izo zinaiwalika, moyenera. Koma Fanny anali mphunzitsi wa Cingerezi, wodziwa kupeka ndakatulo zozama za anthu ophunzira. Mau apafupi anawasankha dala. Anali kupekera wanchito wotopa, mwana wa Sande Sukulu, ndi munthu wosadziwa kuwerenga. Ndipo iye mwini, wosawerenga, anadziwa bwino mau amene akhala m'mutu ndi amene agwa panjira. Ndico cifukwa cace ndime zace nzazifupi, ndipo nyimbo zambiri ziri ndi kolasi yobwereza-bwereza, imene mlendo aigwira pakuimva kaciwiri.

Anthu amenewa sanawadziwire patali. Iye ndi mwamuna wace anakhala m'tizipinda ta lendi m'madera a osauka a New York, ndipo ndalama zikapitirira pa zosowa za tsikulo anali kuzipereka. Anasimba yekha kuti tsiku lina anasowa madola 5, napemphera, ndipo posacedwa mlendo anadza kudzamuona, namsiyira m'dzanja madola 5 eni-eni. Anali kulankhula m'ndende ndi m'misonkhano ya anchito. Madzulo ena m'1869, alikulankhula kwa amuna otere, anapempha kuti ngati alipo mnyamata amene wasiya ciphunzitso ca amace adze kwa iye pothera msonkhano. Anadza wa zaka 18, amene analonjeza amace kuti adzakomana nao kumwamba, koma anaona kuti ndi mayendedwe ace nkosatheka. Ndipo anapemphera pamodzi. Usiku womwewo anapeka Rescue the Perishing.

Kuyambira ca m'ma 1880 anapereka nthawi yace yambiri ku nyumba zolandira zidakwa ndi osowa pogona: Bowery Mission, ndi Water Street Mission imene Jerry McAuley, amene kale anali mbala ndi mkaidi, anaiyamba m'1872. Anali mai wamfupi, wocepa thupi, wobvala magalasi obiriwira. Sanakonde kukhala kutsogolo. Anali kukhala pa benci pakati pa amunawo, ndipo pfungo la mowa ndilo linamtsogolera kwa amene anafunika kuceza naye. Sanawakalipire, pakuti anati munthu wotere zocimwa zace azidziwa kale, cimene sacidziwa ndico kuti alipo womkonda. Iwo anamucha Azakhali Fanny. Ndipo akamfunsa nchito yace, sanayambe ndi nyimbo ai. Anadziyesa wanchito wa m'nyumba zimenezi.

Banja lace silinayende monga nyimbo zace. Kuyambira zaka zomwezo iye ndi van Alstyne anakhala kwambiri pa okha-pa okha, yense kwace, ngakhale ukwati sunathe, ndipo sananenerane zoipa. Mwamunayo anamwalira m'1902.

Amene ananyamula nyimbo zace kuoloka nazo nyanja ndiwo mlaliki Dwight Moody ndi woimba wace Ira Sankey. Kuyambira 1873, caka cimene David Livingstone anamwalira kwa Chitambo, kufikira 1875, awiriwa anacititsa misonkhano yaikuru ku England ndi ku Scotland, ndipo buku la Sankey, Sacred Songs and Solos, linalowa m'nyumba zosawerengeka. Amishoni amene anafika ku Nyanja ndi ku maiko a kuno m'zaka zotsatira anakulira pakati pa nyimbo zimenezi, ndipo zina anazitembenuza m'Cinyanja ndi m'zinenero zina. Pa 5 July, 1899, Fanny ali ndi zaka 79, abusa P. J. Smit ndi J. M. Hofmeyr, otumidwa ndi mpingo wa Dutch Reformed wa ku Orange Free State, anamanga msasa pa Magwero, pafupi ndi mzinda umene lero uchedwa Chipata. M'masukulu a m'midzi a masiku amenewo buku linali la mphunzitsi yekha, anthu onse naimba za pamtima. Nyimbo zopekedwa popanda pepala zinayenda bwino pakati pa anthu opanda pepala. Nyimbo iri ndi maulendo ace odabwitsa: To God Be the Glory, imene inasindikizidwa m'1875, inazika mizu ku Britain koma kwao ku America inaiwalika, kufikira inaimbidwa pa misonkhano ya Billy Graham ku London m'1954, nibwerera kwao ngati yatsopano.

Caka ca 1905 ciyenera kuchulidwa pa ceni-ceni. Pa 26 March mipingo yambiri ya ku America ndi ya maiko ena inapatula Sabata lija kuyamika Mulungu cifukwa ca Fanny Crosby, amene anali atangokwanitsa zaka 85. Caka comweco mishoni ya Nyanje, imene lero iri m'boma la Sinda, inatsegulidwa. Ndipo pa Magwero Mai Issie Hofmeyr anayamba kuphunzitsa akhungu kuwerenga ndi zala. Nchito imeneyi Ella Botes anaipitiriza zaka zambiri, ndipo sukulu ya akhungu ya pa Magwero iripobe. Cimene ana a sukulu aja anakaonetsa akuru ku Washington m'1844 cinafika m'dziko la Mpezeni patapita zaka 61.

M'1900, atadwala kwambiri, abale ace anamtenga kunka naye ku Bridgeport, ku Connecticut, kumene anakhala ndi ang'ono ace a bambo wina, Julia ndi Carolyn. Sanaleke kuyenda. Anali kukwerabe sitima kukalankhula m'misonkhano, ndipo m'1911, ali ndi zaka 91, analankhula kwa anthu zikwi zingapo m'nyumba yaikuru ya Carnegie Hall. Anzace a nchito anatsogola mmodzi-mmodzi. Sankey nayenso anacita khungu m'zaka zace zotsiriza, ndipo Fanny anali kukamceza ku Brooklyn, wakhungu wa kuyambira ukhanda kutonthoza wakhungu watsopano, kufikira Sankey anamwalira m'1908.

Usiku wa pa 11 February, 1915, analembetsa kalata yopepesa banja lina limene linataya mwana wamkazi, naikamo ndime zingapo zimene anapeka. M'mamawa mwace, pa 12 February, anamwalira, atatsala masabata 6 kuti akwanitse zaka 95. Anamuika m'manda a Mountain Grove ku Bridgeport. Mwala woyamba wa pamanda pace unali waung'ono ndithu. Analembapo dzina limene amuna a ku Bowery anali kumuitana nalo, ndi mau a pa Marko 14:8, onena za mkazi amene anadzoza Ambuye ku Betaniya. Mwala waukuru unaimikidwa m'1955, patapita zaka 40.